Kopolo Daka Pachilindo

Febian Daka anabwela kumudzi chaka cha 1957, mvula itangoyamba. Anali mlamu wanga, mlongo wa mkazi wanga Consolata, amene anali atamwalila zaka zitatu m'mbuyomo. Abale a mkazi wanga anandisudzula monga mwa mwambo, nandiuza kuti ndine womasuka kubwelela kwathu ku Msanzala. Ndinawathokoza, koma sindinapite. Munda wanga wa mapila unali pomwepo, m'mbali mwa msewu wopita ku Nyimba.

Febian anakhala ku usilikali zaka khumi ndi chimodzi, ziwili mwa izo ku Malaya. Anabwela ndi mizele iwili ya ukopolo pamkono, bokosi lachitsulo, ndi mabuku. Ku kampu anali kalaliki, ndipo ankaphunzila sukulu ya pakalata. Mayeso ena anali atakhoza kale. Anatsala ndi maphunzilo awili oti akalembe ku Boma la Petauke mwezi wa Juni. Akakhoza, malo ankamudikila ku yunivesite yatsopano ya ku Halale, kumene anthu akuda anali owelengeka masiku amenewo a Chitaganya. Mzungu wa zamaphunzilo amene anamupezela malowo ananenelatu kuti mwayiwo ndi wa chaka chimodzi. Akapanda kulemba, upita kwa wina.

Amene anatulukila matenda a Febian anali Christabel, mng'ono wa mkazi wanga, mkulu kwa Febian. Tsiku lina mwendo unamupweteka, ndipo anapempha mlongo wake katatu m'Chinsenga kuti akamutungile madzi. Katatu konse Febian anati akumaliza tsamba. Christabel anapsa mtima, nalankhula Chinyanja cha ku Boma, mawu awili okha:

"Daka, madzi."

Buku linagwa. Febian anapezeka ali kuchitsime, ataima chilili pamzele wa azimai, ndowa kumanzele, maso kutsogolo. Atabwela anaika ndowa pansi, nafunsa mlongo wake kuti iye wapita bwanji kumadzi. Christabel anatenga ndowayo. Anali kuganiza.

Ku usilikali malamulo ankapelekedwa m'Chinyanja, mwachidule, dzina la makolo patsogolo. Munthu akamulankhula motelo, miyendo ya Febian inkanyamuka mutu usanamve. Christabel anauza mnzake mmodzi yekha. Sabata isanathe mudzi wonse unali kulankhula Chinyanja, ngakhale nkhalamba zimene sizinapondepo ku Petauke. Febian anamanga khola la mbuzi la a Hilary, aphunzitsi a katekisimu. Anakumba zimbudzi zinayi. Amai Rosemary, amene ankaphika mowa, anamuwazitsa nkhuni mpaka mulu unapitilila denga lawo, kenaka anamutuma kukafuna nkhuku yawo imene inali itadyedwa kale pa Khisimasi. Anaifuna tsiku lathunthu, nabwela kudzapeleka lipoti kuti sinapezeke.

Christabel ankadandaula kuti anthu alibe manyazi. Koma pa zimbudzi zinayi zija, ziwili zinali zake.

Febian sanadandaule, ndipo ananenepa. Anandiuza kamodzi kuti m'nkhalango za ku Malaya sajeni akati gona, umagona, ndipo wofunsa chifukwa amabwela atanyamulidwa ndi anthu anayi. Anati munthu ukauzidwa chochita mutu umapuma, ndipo tulo timabwela. Ndinamva. Koma pofika Febuluwale chiswe chinali chitayamba chikuto cha buku lake la mbili ya maiko.

Mwezi wa Malichi anandithandiza kufolela nkhokwe. Ndinamupempha m'Chinsenga, ndipo anafika mochedwa, akuyasamula. Zimenezo zinandikondweletsa. Tikumanga udzu anasimba za msilikali wina wa ku Lundazi amene anamuika kulonda nyumba ya zida. Kunabwela meja, mzungu wamkulu, namutuma kukagula fodya. Msilikaliyo anakana. Sanalangidwe, koma anatamandidwa pamaso pa onse, chifukwa mlonda amachotsedwa ndi amene anamuikapo basi.

"Ngakhale Bwana Disi?" ndinafunsa.

"Ngakhale Gavana, alamu."

Tinamaliza nkhokwe. M'mawa mwake ndinapita kukadula mitengo.

Ndinamanga chilindo pakati pa munda, nsanja yolondelapo mbewu: mizati inayi, msinkhu wa anthu awili, kadenga kaudzu, makwelelo. Ndinakhomelapo thabwa loti likhale tebulo, ndi chitini chopachika choti aziimba ndi ndodo. Mapila anali kuyamba kumasula. Mpheta zinali zitadziwa kale, ndipo anyani ankakhala pamiyala ya kuphili n'kumayang'ana ngati anthu odikila malilo atuluke. Tsiku loyamba la Epulo ndinatenga Febian ndi mabuku ake mpaka patsinde pa makwelelo.

"Daka, kwela. Londa mapila. Welenga. Utsika ndikanena ine."

Chinyanja changa n'choipa, koma chinagwila.

Oyamba kufika anali a Hilary. Anaima m'mphepete mwa munda, natulutsa Chinyanja chawo cha pa ulaliki, kuti Daka akafolele tchalitchi. Febian anaimilila, nachita saluti, nati ali pa ulonda, akaonane ndi alamu ake. A Hilary anabwela kwa ine pansi pa mtengo wa msolo, pamene ndinkasema mipini. Anafotokoza za denga, za mvula, za ntchito ya Mulungu. Ndinamvetsela mpaka anamaliza, ndinagwedeza mutu, ndipo ndinapitiliza kusema. Anaima kanthawi, kenaka anapita.

Amai Rosemary anabwela ndi chipanda cha mowa. Ndinamwa, ndinayamika, ndipo nawonso anapita.

Christabel ndiye anavuta. Anati ndaba mlongo wake ngati mbuzi, ndamumangilila m'munda mwanga, pamene ine ndine mkamwini wosudzulidwa wopanda mawu pamudzi. Ndinati mbuziyo ikudya bwino. Anabwelela kumudzi akutukwana, koma masana anatumiza mbatata zophika.

Zinayenda motelo miyezi iwili. M'mawa ndinkati kwela, dzuwa likapendeka ndinkati tsika. Febian ankawelenga mokweza, ndipo anyani anamva zambili za nkhondo za Afalansa. Poyamba ankathawa. Pambuyo pake anazolowela, ndipo wamkulu wawo ankakhala pachulu chapafupi akudzikanda mpaka mutu wa nkhani uthe.

Pakati pa Meyi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo anafika papositi. Tsiku limenelo chitini sichinalile, ndipo mawu sanamveke pamwamba. Dzuwa lili pamutu Febian anandiitana. Ndinakwela mpaka pothela makwelelo. Pepala linali pathabwa, cholembela m'manja, koma sanalembe kanthu kuyambila m'mawa. Anati pepala lililonse lili ndi mafunso khumi, ndipo pamwamba analemba kuti munthu ayankhe anayi alionse amene afuna. Ndinafunsa ngati sakuwadziwa. Anati onse khumi akuwadziwa.

"Nanga?"

"Sananene kuti ati, alamu. Lozani."

Ine Chingelezi sindiwelenga. Ndinathyola phesi, ndinaloza malo anayi. Febian anayamba kulemba ngati mvula pamalata, osadzutsa mutu mpaka madzulo. Mailo lake tinachita chimodzimodzi, ndi masiku onse otsatila. Ndinkaona ngati masewela. Tsiku lina ndinaloza pansi penipeni, ndipo anati pamenepo ndi dzina la osindikiza, ndilozenso. Christabel atamva anaseka mpaka anakhala pansi. Anauza mudzi wonse kuti alamu ake a Ng'oma, amene amasaina ndi chala, akuphunzitsa yunivesite ndi phesi.

Kutatsala masiku atatu, Febian anatsika madzulo nandipempha manambala anayi oti apite nawo ku Petauke. Anati awalemba pachikhatho, akalowa m'mayeso angoyang'ana. Ndinafunsa za ku Halale. Anati wamva kuti kumeneko kulibe lipenga la m'mawa, palibe amene amawelenga ngati munthu walowa m'kalasi, aliyense amadziyendetsa yekha. Koma iye waganiza kale. Mwezi uliwonse ine ndizimutumizila kalata ya malamulo, a Hilary azindilembela. Ananena akuseka, koma anali atang'amba kale pepala lolembapo keyala.

Ndinati ndiganiza. Manambala sindinamupatse.

Mayeso anali kuyamba Lachisanu m'mawa. Basi yochokela ku Lusaka inkadutsa pa Nyimba Lachiwelu lokha, mayeso atayamba kale, choncho inalibe ntchito. Chodalila chinali lole ya a Bonaventure, Mbemba wonenepa amene ankatuta nshawa m'midzi. Lachinayi lililonse masana ankadutsa pamunda wanga, kukapakila matumba otsala pa sitolo ku Nyimba, n'kupitilila ku Petauke. Anali atavomela kumutenga.

Lachinayi m'mawa Febian anatuluka atavala khaki wosita, jombo zikunyezimila, bokosi paphewa. Ndinamupelekeza mpaka kumunda ndikukankha njinga yanga.

"Daka, kwela."

Anandiyang'ana, nati lelo ndi tsiku la lole. Ndinati lole ndi masana, ndipo mpheta sizidziwa za lole. Anaika bokosi patsinde pa makwelelo, nakwela. Ndinatsamilitsa njinga pa msolo, ndinakhala pansi ndi mpini wanga.

Masana Christabel anafika ndi kamba wa paulendo, nkhuku yowotcha ndi nshawa zokazinga, atamanga m'nsalu. Posakhalitsa lole inamveka ikukwela chitunda. Inaima pamsewu, hutala inalila kawili. Febian anaimilila, nakonza malaya.

"Alamu, lole."

Ndinapitiliza kusema.

"Alamu, nenani."

Christabel anaganiza kuti sindinamve. Anandigwedeza phewa. Kenaka anaona nkhope yanga, ndipo anasiya. Anatembenukila kuchilindo, nalamula m'Chinyanja kuti Daka atsike. Febian anayankha mwaulemu kuti sangathe. Analamulanso, mawu atakwela. Febian anayang'ana kutsogolo.

A Bonaventure anatsika m'lole akupukuta thukuta, nafunsa chimene chagwila odya mbewawa, monga Abemba amatisekela ife a kum'mawa. Christabel anawauza kuti akhale chete, ndiwo zakwawo, anyani aja, zili pamiyala apo zikudzikanda, akafuna agwile imodzi ya paulendo. Kenaka anawafotokozela. A Bonaventure anaseka. Iwonso anali msilikali kale, sajeni woyendetsa magalimoto pa nkhondo ya ku Bama, ndipo anati imeneyi ndi nkhani yaing'ono. Anakoka mimba, naima njo, nakuwa lamulo limene linadzutsa mpheta zonse m'munda. Miyendo ya Febian inafuna kunyamuka, ndinaiona. Koma sanasunthe. A Bonaventure anaika phazi pa makwelelo kuti akamutsitse ndi manja. Febian anatola ndodo yoimbila chitini, naigwila monga agwilila mfuti. A Bonaventure anachotsa phazi.

"Ameneyu anaphunzitsidwa bwino," anatelo, ndipo anaoneka onyadila. Anabwela kudzanjuta pafupi nane. "Mudala, mawu awili basi. Ine ndili ndi matumba ku Nyimba."

"Makwelelo alipo," ndinatelo.

Christabel anandilanda mpini. Ndinatola kamtengo kena. Anati andisudzula kachiwili, ulendo uno ndi munsi. Anati ndine mfiti, ndili ndi nsanje, ndikufuna mlonda waulele mpaka imfa. Kenaka anatsitsa mawu, nati Consolata anabeleka mwanayu kumsana, ndipo akanakhala moyo akanachita nane manyazi lelo. Zimenezo zinalowa. Mpeni unatelela, unandicheka chala chachikulu. Ndinachikulunga ndi tsamba.

Febian analankhula ali pamwamba, m'Chinsenga, mawu ali pansi.

"Alamu, ndalakwa chiyani?"

"Palibe."

"Nanga bwanji?"

"Kumene ukupitako ine kulibe."

A Bonaventure anayatsa fodya, nati adikila mpaka athe. Anasuta pang'onopang'ono, mpaka moto unawafika pa zala. Anaponda kotsalako, nayang'ana Febian, nayang'ana ine, nati anthu a kum'mawa adzawamvetsa tsiku la chiweluzo. Lole inalila, inanyamuka. Fumbi linakhala pamsewu kanthawi, kenaka linatha.

Christabel anakhala pansi, kamba pamiyendo, akulila mosatulutsa mawu. Ine ndinayang'ana tsamba la pachala changa. Mpheta zinabwelela, zinatela pa ngala zapafupi ndi chilindo penipeni, ndipo chitini sichinalile. Mthunzi wa msolo unachoka pa mapazi anga. Sindinadziwe chimene chichitike. M'kamwa mwanga mawu aja anali okonzeka, ndipo ndinawaluma.

Makwelelo analila.

Anatsika chafutambuyo, phazi limodzi, kenaka lina. Pa mtanda wachitatu anaima nandiyang'ana. Ine ndinayang'ana chala. Anatsikanso. Atafika pansi anaima chilili, mapewa atakwela, ngati munthu wodikila chikoti. Palibe chinachitika. Njiwa inali kulila kuphili. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzele, ndipo mapewa anatsika.

"Ndinu munthu woipa, alamu."

"Inde."

Anatsegula bokosi, natenga kalata ya mayeso, zolembela, ndi mabuku awili, naziponya m'malaya. Anatenga kamba pamiyendo ya Christabel. Kenaka anapita pa msolo natenga njinga yanga. Njinga imeneyo sanaikwelepo munthu wina chiigulile, ngakhale ansembe ataipempha. Sanapemphe. Sanatsate msewu, umene umazungulila phili. Analowa m'mapila mwenimweni kulunjika kanjila ka osaka, akuthyola mapesi, belu likulila lokha. Anyani anabalalika pamiyala.

Christabel anasiya kulila. Anaimilila, nasansa chitenje, nandiuza kuti bokosilo ndinyamule ndine.

Mailo lake ndinayenda pansi mpaka ku Nyimba, mamailosi asanu ndi anayi. A Abraham a sitolo anandiona ndili patali, nayamba kuseka. Anati Febian anafika thumba lomaliza likukwezedwa, malaya atang'ambika, ngala ya mapila ili m'tsitsi. Anaponya njinga pakhonde nalumphila pamwamba pa nshawa lole ikuyenda. Njingayo inali pomwepo. Gudumu lakutsogolo linali litapindika ngati lichelo. Ndinaikweza paphewa. Njila yonse anthu ankandifunsa ngati njinga yatopa, ndipo amai ena anandilangiza kuti ndiibeleke kumsana.

Febian anabwela Lachitatu. Masiku awili sanandipatse moni. Zimene ndikudziwa ndinazimva kwa Christabel, amene ankasimbila anzake mokweza pafupi ndi khomo langa kuti ndimve popanda iye kundilankhula. Pa pepala loyamba Febian anakhala nthawi yaitali osalemba, mpaka woyang'anila anabwela kudzafunsa ngati akudwala. Kenaka anasankha. Limodzi mwa mafunso anayiwo linali limene ankalidziwa pang'ono kuposa onse, ndipo anazindikila ali pakati. Anapitiliza, chifukwa panalibe womuimba mlandu koma iye yekha.

Tsiku lachitatu Febian anabwela ndi nyundo kudzawongola gudumu. Analiwononga kwambili, koma tinadyela limodzi.

Kalata inafika mu Sepitembala. Phunzilo limodzi anakhoza bwino, linalo anadutsa mopapatiza. Anapita ku Halale mu Malichi chaka chotsatila, ndipo amalemba akafuna, kawili kapena katatu pachaka. M'makalata mwake muli madandaulo ambili, za chakudya, za aphunzitsi, za Chitaganya. A Hilary akamandiwelengela amalumpha mizele ina.

Christabel anayambanso kundilankhula nthawi yokolola, atasowa womunyamulila madengu. Amandifunsabe mpaka lelo, makamaka pakakhala alendo, kuti Febian akanapanda kutsika tsiku lija ndikanatani.

Ndimamuuza kuti mapila akanapulumuka.